Sankhani yisiti mogwirizana ndi nyengo ya kuno ku Harare

Mowa wa balere ukatuluka woipa, ofulula ambiri amaloza chala chimera kapena madzi. Kawirikawiri vuto limakhala kutentha kwa masiku atatu oyamba, pamene yisiti akuswana ndi kudya shuga mwaphuma. Fungo limene lalowa m'mowa nthawi imeneyi silichokanso msanga.

Yisiti wa ale, mtundu wa mowa wa balere wowira pamalo ofunda pang'ono, amagwira bwino pa madigiri 18 mpaka 22. Koma dziwani kuti mowa ukamawira umatulutsa kutentha kwakewake, moti m'kati mwa chigubu cha malita 20 mumatentha kuposa chipinda ndi madigiri awiri mpaka anayi. Mu Okutobala masana kuno amafika pa madigiri 29 kapena kupitirira, ndiye m'nyumba ya malata ku Mbare kapena ku Mufakose mowawo umadutsa 30 mosavuta. Pamenepo yisiti amapanga ma ester (tinthu topatsa mowa fungo la zipatso) ambiri, mowa n'kumanunkha nthochi yopsa kwambiri, komanso mitundu ina ya alcohol yotchedwa fusel, yowotcha pakhosi ngati mankhwala. Choncho choyezera kutentha chimatidwe pakhoma la chigubu, kunja kwake muphimbe ndi kansalu. Choyezera chopachika pakhoma la nyumba chidzakunamizani.

Mwayi wathu ndi wakuti mpweya wa Seputembala ndi Okutobala ndi wouma. Ikani chigubu m'beseni la madzi ofika theka, chivekeni thaulo lonyowa lomwe nsonga zake zili m'madzimo. Madzi akamauma pathaulopo amachotsa kutentha, monga momwe mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa. Njirayi sidalira magetsi, omwe tonse tikudziwa kuzimazima kwake. Mukakhala ndi mabotolo a madzi oundana, ponyanimo awiri m'mawa, awiri madzulo. Ndipo musathire yisiti wa ale madzi a chimera asanatsike pansi pa madigiri 25.

Njira yabwino koposa, m'kuona kwanga, ndi kusintha yisiti m'malo molimbana ndi dzuwa. Kveik, yisiti wa alimi a ku Norway, amawira bwino pa madigiri 30 mpaka 40 popanda kutulutsa fusel wambiri, ndipo nthawi zambiri amamaliza m'masiku atatu kapena anayi. Wa mtundu wa Voss amasiya kafungo ka malalanje. Ameneyu ndiye woyenera miyezi yotentha.

Juni ndi Julayi ali ndi vuto lina. Usiku kuzizira kumatsika kufika pa madigiri 7, yisiti wa ale n'kugona pansi ntchito asanamalize. Mowa umatsala wotsekemera, wonunkha batala kapena apozi wosapsa. Choopsa chimabwera mukauthira m'mabotolo: kukafunda, yisiti amadzuka, amadya shuga wotsala uja, mabotolo n'kuphulika. Chotsani chigubu pasimenti, chikhale pathabwa, chifunditseni bulangeti. Ino ndiyonso nyengo ya lager, mowa wowira pamalo ozizira, amene amafuna madigiri 9 mpaka 13 ndi masabata awiri kapena atatu. Iyeyu mupatseni mapaketi awiri a yisiti a magalamu 11.5 pa malita 20, pamene kwa ale paketi limodzi limakwana. Chakumapeto mufunditseni pang'ono kwa masiku awiri kuti yisiti ayamwenso fungo la batala lija.

Nanga yisiti wa buledi? Amawiritsa ndithu, poti ndi mtundu umodzi ndi wa ale, koma sakhazikika pansi msanga ndipo mowa umakhala wachimbuuzi, wonunkha ufa wokanda. M'masese zimenezi sizivuta, chifukwa amamwedwa akadawira ndipo kuwawasa kwake kumabisa zambiri.

Thovu likaleka musafulumire kunena kuti mowa wapsa. Yezani ndi hydrometer, chipangizo chosonyeza kuchuluka kwa shuga wotsala m'mowa: mowa woyambira pa 1.050 umathera cha pa 1.010, ndipo nambalayo ikhale yosasintha kwa masiku atatu otsatizana. Mukatero ndiye thirani shuga wokwana magalamu 6 pa lita iliyonse n'kutseka mabotolo.