Tageti ya ogulitsa malonda isamaikidwe muli mu ofesi

Pa ntchito zonse za mkulu woyang'anira ogulitsa malonda, imene imaoneka yosavuta ndiyo kulemba nambala pa bolodi n'kuuza gulu lake kuti mwezi ukamatha likhale litagulitsa zochuluka chotero. Nambala imeneyi, imene pantchito timangoti tageti, ndi imene imaumba khalidwe la wogulitsa kuposa malangizo onse a bwana, chifukwa munthu amatsata chimene chikumubweretsera komishoni.

Zimene zinachitika ku banki ya Wells Fargo ku America zikusonyeza kuopsa kwake. Akuluakulu ankakakamiza ogwira ntchito kuti banja lililonse losunga ndalama kumeneko likhale ndi maakaunti ndi ntchito zina za bankiyo zokwana 8. Poopa kuchotsedwa ntchito, ambiri anayamba kutsegulira anthu maakaunti eni ake osadziwa. Nkhaniyi itaululika mu September 2016, bankiyo inalipitsidwa chindapusa cha madola 185 miliyoni, ndipo zinadziwika kuti antchito pafupifupi 5,300 anali atachotsedwa chifukwa cha mchitidwewu. Ine ndimaona kuti mlandu waukulu unali wa amene anaika nambalayo osafunsa ngati makasitomala akufunadi zinthuzo.

Kuno kwathu vuto lomweli limavala nkhope ina. Mukamulipira wogulitsa komishoni pa katundu amene watuluka m'nyumba yosungiramo, adzadzaza magolosale ndi maokala ndi makatoni a sopo pa ngongole, tageti n'kukwana, koma ndalama osaoneka; pakapita miyezi iwiri katundu wina amabwerera atawonongeka, ndipo mwini golosale amayamba kubisala akaona galimoto yanu. Nchifukwa chake komishoni iyenera kuwerengedwa pa ndalama zimene zatoleredwa, ndipo lamuloli lilembedwe pa pepala wogulitsa asanayambe ntchito.

Muyezo wa tageti nawonso umanyenga. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse mu November 2023, mitengo inakwera, moti wogulitsa ankatha kupitirira tageti ya makwacha pamene makatoni ogulitsidwa atsika. Muziwerenga zonse ziwiri, ndalama ndi kuchuluka kwa katundu. Muziganiziranso nyengo, pakuti si chilungamo kufuna kuti wogulitsa wa ku Kasungu apeze mu February, anthu ali pa njala, zimene amapeza mu June alimi atagulitsa fodya, soya ndi mtedza. Ngakhale mwezi ukhale womwewo, dera la Limbe, kumene masitolo ali mothithikana, silingafanane ndi dera limene munthu amayenda tsiku lonse pa njinga yamoto kuti afike kwa makasitomala khumi.

Zonsezi mtsogoleri sangazidziwe ali pa mpando. John H. Patterson, mwini kampani ya National Cash Register ya ku Dayton ku America, anazindikira m'zaka za m'ma 1890 kuti kugulitsa n'kophunzitsika, choncho anatsegula sukulu ya ogulitsa ake, ndipo aliyense ankamupatsa dera lakelake. Thomas J. Watson, amene pambuyo pake anatsogolera kampani ya makompyuta ya IBM, anaphunzira ntchito pa kampani ya Patterson. Bizinesi yaing'ono singamange sukulu, koma mkulu wake angathe kupatula tsiku limodzi pa sabata loyenda ndi wogulitsa mmodzi.

Pa ulendo wotere pamafunika kudziletsa, makamaka kwa mtsogoleri amene anakwezedwa chifukwa anali katswiri wogulitsa, poti amalakalaka kulanda nkhani n'kumaliza yekha malondawo. Akatero wogulitsa amanyozeka pamaso pa kasitomala wake ndipo saphunzirapo kanthu. Khalani chete, mvetserani ngati wogulitsayo akufunsa mwini sitolo zimene zikuyenda ndi zimene zagona pa shelefu, ndipo mukatuluka mufunseni iye poyamba kuti waona kuti zayenda bwanji. Kenako musankhe chinthu chimodzi chokha choti akonze, n'kugwirizana tsiku limene mudzabwererenso limodzi ku sitolo yomweyo.