Musanakumbe chitsime, yang'anani kaye komwe kuli chimbudzi

Madzi a pansi pa nthaka sakhala malo amodzi. Amayenda pang'onopang'ono m'timipata ta dothi ndi miyala, kawirikawiri kutsetsereka kuchoka kumtunda kupita kumunsi, ndipo zimene apeza m'njira amatengana nazo. Chitsime chikakhala kumunsi kwa chimbudzi, tizilombo toyambitsa kolera, taifodi, kamwazi ndi matenda a chiwindi timatha kufika m'ndowa yanu madziwo ali oyera mbee, opanda ndi fungo lomwe.

Choncho kumbani chakumtunda, ndipo pakati pa chitsime ndi chimbudzi pakhale mamita osachepera 30. Yezani ndi chingwe chifukwa maso amanama. Chimbudzi cha anansi anu nachonso chiwerengereni, poti madzi sadziwa malire a malo. N'chimodzimodzinso khola, dzala, manda, mulu wa manyowa ndi posungira mafuta a galimoto kapena mankhwala a m'munda. Pali funso lina limene ambiri amaliiwala: chimbudzi chomwe chilipochi chikadzaza, chinacho mudzakumba pati?

Si paliponse pomwe mamita 30 amenewa amakwana. Dothi la makande limagwira madzi, tizilombo tambiri n'kufera m'njira. Mumchenga wokhakhala ndi m'nsangalabwi madzi amadutsa msanga. Poopsa kwambiri ndi pa thanthwe long'aluka, pomwe zonyansa zimayenda mumng'alu osasefeka. Pamalo otere talikirani kwambiri. Pansi pa dzenje la chimbudzi pazikhalanso mamita osachepera 1.5 pamwamba pa pomwe madzi a pansi pa nthaka amafika m'dzinja.

Pewani malo otsika amene amasefukira kapena kuchita zithaphwi mvula ikagwa. Nthawi yabwino yokumba ndi kumapeto kwa chilimwe madzi atatsikiratu pansi, apo ayi mudzalekera pafupi chitsime n'kudzauma.

Ndowe ndi feteleza zimasiyanso m'madzi mchere wotchedwa nitrate. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati usapitirire mamiligalamu 50 pa lita imodzi. Ukachuluka umalepheretsa magazi a khanda kunyamula mpweya bwino, makamaka losakwana miyezi 6, ndipo milomo yake imatha kuda. Kuwiritsa kumapha tizilombo koma nitrate sachoka. Madzi akamaphwera pamoto, iyeyo amatsalira n'kuchulukirachulukira.

Mukakumba, mangani khoma pakamwa pa chitsime, ikani chivundikiro, thirani simenti mozungulira motsetsereka, ndipo ngalande itaye madzi kutali.

Musanayambe kumwa, madziwo akayezedwe ku labotale, kenako kamodzi pachaka komanso nthawi iliyonse madzi osefukira akalowamo. Mu mamililita 100 musapezeke ngakhale kachilombo kamodzi ka E. coli, komwe kamasonyeza kuti m'madzimo mwalowa zonyansa za m'mimba mwa anthu kapena ziweto. Podikira zotsatira, wiritsani madzi akumwa kapena thiranimo klorini. Aliyense pakhomo akayamba kutsekula m'mimba kwamadzimadzi, mupatseni ORS, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi, pomwepo ndipo thamangirani naye kuchipatala.