Mkangano wa galimoto yamagetsi ndi ya petulo unayamba kale

Pa 29 April 1899, ku Achères kufupi ndi mzinda wa Paris, bambo wina wa ku Belgium dzina lake Camille Jenatzy anakwera galimoto yooneka ngati chipolopolo n'kuithamangitsa mpaka liwiro la makilomita 105 pa ola. Aka kanali koyamba kuti galimoto ipitirire makilomita 100 pa ola. Galimotoyo ankaitcha La Jamais Contente, ndipo inalibe thanki ya petulo. Inkayendera mabatire.

Nkhaniyi imandibwerera nthawi zonse ndikamva anthu akukangana ngati kuti galimoto yamagetsi yatulukira dzulodzuloli. Ayi ndithu, inalipo pachiyambi pomwe. Mu 1897 matakisi amagetsi anali atayamba kale kunyamula anthu ku London ndi ku New York. Pofika 1900, pa magalimoto atatu alionse opangidwa ku America, pafupifupi imodzi inali yamagetsi, ndipo a petulo ndi amene anali ochepa, kuposedwa ngakhale ndi oyendera nthunzi. Chaka chomwecho katswiri wopanga magalimoto Ferdinand Porsche, akadali mnyamata, anali ataika mamota amagetsi m'kati mwa mawilo a galimoto imene inaonetsedwa ku Paris.

Anthu ankaikonda galimoto yamagetsi pa zifukwa zomveka. Galimoto ya petulo ya masiku amenewo inali yaphokoso, yonunkha utsi, yovuta magiya. Kuti ilire, munthu ankayenera kuima kutsogolo kwake n'kupukusa injini ndi chitsulo, ndipo chitsulocho chikabwerera mwadzidzidzi chinkathyola mkono. Yamagetsi unkangokwera, n'kunyamuka mwakachetechete. Ngakhale mkazi wa Henry Ford, mayi Clara Ford, ankayenda pa galimoto yamagetsi yotchedwa Detroit Electric pamene mwamuna wawo ankadzaza dziko ndi magalimoto a petulo.

Nanga inagonja bwanji? Ena amati makampani a mafuta ndiwo anaipha. Ine sindikana kuti ndalama za mafuta zili ndi mphamvu, koma pa zaka zoyambirirazi chifukwa chachikulu chinali batire. Mabatire a mtovu, amene Gaston Planté anatulukira mu 1859, anali olemera kwambiri koma osunga mphamvu yochepa. M'tauni ankakwanira. Ukangotuluka kupita kumidzi, kumene nyumba zambiri zinalibe magetsi, unalibe potchajira, pamene petulo unkatha kumunyamula m'chigubu. Kenako zinthu zinangotsatizana. Mu 1901 mafuta anatumphuka ku Spindletop m'chigawo cha Texas, mtengo wake n'kutsika. Mu 1908 Ford anatulutsa galimoto ya petulo yotchedwa Model T pa mtengo wa madola 850, ndipo atasintha kapangidwe kake mufakitale mu 1913 mtengowo unapitirira kutsika mpaka pansi pa madola 300 m'zaka za m'ma 1920. Chomaliza chinali sitata. Mu 1912 Cadillac inayamba kugulitsa magalimoto okhala ndi sitata imene Charles Kettering anakonza, kamota kamagetsi kolizira injini, ndipo kupukusa chitsulo kunatha. Ubwino waukulu umene galimoto yamagetsi inkanyadira unathera pomwepo.

Kwa zaka zambiri magetsi anangotsalira pa tinthu toyenda pang'onopang'ono, monga timagalimoto togawa mkaka m'misewu ya ku Britain. Mafuta atakwera mtengo mu 1973 anthu anakumbukirako galimoto yamagetsi, koma batire inali idakali yomwe ija.

Pamene mtima wanga umawawa ndi pa nkhani ya m'ma 1990. Boma la California, litatopa ndi utsi wophimba mzinda wa Los Angeles, linakhazikitsa lamulo mu 1990 loti makampani akuluakulu azigulitsako magalimoto osatulutsa utsi: awiri pa 100 alionse pofika 1998, ndi khumi pa 100 pofika 2003. Kampani ya General Motors inatulutsa galimoto yamagetsi yotchedwa EV1 mu 1996. Anapanga magalimoto opitirira pang'ono 1,100, osagulitsa koma kungobwereketsa. Makampani analimbana ndi lamulo lija, boma linalifewetsa, ndipo General Motors inaitanitsa magalimoto ake n'kuphwanya ambiri mwa iwo, ngakhale kuti ena mwa amene ankawayendetsa anapempha kuti awagule. Kampaniyo inati sankabweretsa phindu. Mwina zinalidi choncho, komabe kuphwanya galimoto yoyenda bwino, pali munthu akuifuna ndalama zili m'manja, n'chinthu chimene ine sindichivomereza. Chikayikiro chimene anthu ambiri ali nacho lero pa makampani a magalimoto chinamera pamenepo.

Chimene chinasintha zinthu sichinachokere kwa opanga magalimoto n'komwe. Mu 1991 kampani ya Sony inayamba kugulitsa mabatire a lithium-ion opangira zipangizo zing'onozing'ono zamagetsi. Mabatire amtundu womwewo, oposa 6,000 atalumikizidwa pamodzi, ndi amene anayendetsa Tesla Roadster mu 2008, galimoto yotha kuyenda makilomita oposa 300 isanatchajidwenso. Nissan Leaf inatsatira mu 2010. Kumene maboma analowererapo mwamphamvu zinthu zinathamanga: dziko la Norway linachotsa misonkho ikuluikulu pa magalimoto amagetsi, ndipo mu 2024 pafupifupi magalimoto 9 pa 10 alionse atsopano ogulidwa kumeneko anali amagetsi.

Koma tamverani bwino anthu akamatsutsana lero. Wina amafunsa kuti ndikatchajira kuti ulendo ukatalika, wina amadandaula mtengo, wina amaloza ku migodi ya ku Democratic Republic of Congo kumene kumachokera cobalt wambiri, chitsulo chogwiritsidwa ntchito m'mabatire, ndipo anthu amakumba movutika. Onsewo akukamba za batire, monga mmene zinalili mu 1900. Ngakhale pa mipikisano zinaonekera poyera. Formula E, mpikisano wa magalimoto amagetsi, itayamba ku Beijing mu 2014, woyendetsa aliyense ankakhala ndi magalimoto awiri, chifukwa batire imodzi sinkatha kumaliza mpikisano. Pakati pa mpikisano ankatsika m'galimoto yoyamba n'kudumphira mu yachiwiri. Zimenezi zinatha kumapeto kwa 2018, atapanga batire yotha kupirira kuyambira poyambira mpaka pomalizira.