Nandolo m'munda wa chimanga si umbuli ayi

Anthu ambiri mpaka pano amaganiza kuti ulimi wamakono ndi chimanga chokhachokha kenako feteleza basi, ati kusakaniza mbewu nzachikale. Ayi abale, sizoona. Nandolo ali ndi timatuza ku mizu momwe tizilombo ting'onoting'ono timakoka nayitrojeni mu mpweya, yemweyo timagula mu thumba la feteleza wa urea lija lomwe 46% yake ndi nayitrojeni, ndiye masamba ake akayoyoka nkuwola nthaka imapezako chakudya, komanso mizu yake imalowa pansi kwambiri moti salimbirana madzi ndi chimanga. Ku Chiradzulu ndi ku Mulanje alimi akhala akuchita izi kuyambira kalekale. Komabe feteleza wa NPK ngofunikabe, musasiye. Nandolo amakula pang'onopang'ono, chimanga mumakolola Epulo kapena Meyi iye nkumapitiriza mpaka cha mu Ogasiti.