Gubbio: Tauni Yomwe Imathamangira Kuphiri

Gubbio ili m'chigawo cha Umbria, pakati pa Italy, makilomita pafupifupi 40 kumpoto chakum'mawa kwa Perugia. Nyumba zake za miyala yotuwa zinamangidwa mosanjikizana m'tsinde mwa phiri la Ingino, ndipo pamwamba pa phirilo, pa mamita opitirira 800, pali tchalitchi cha Sant'Ubaldo. Wofuna kuimvetsa tauniyi ayambe wayang'ana kumeneko, chifukwa mbiri yake, chikondwerero chake chachikulu ndi njira zimene alendo amakwera masiku ano zonse zimakathera pakhomo la tchalitchicho.

Ubaldo Baldassini anali episkopi wa Gubbio m'zaka za m'ma 1100. Mu 1155 mfumu Frederick Barbarossa, itangowononga kumene tauni ya Spoleto, inafika ndi asilikali ake pafupi ndi Gubbio. Ubaldo anatuluka kukakumana nayo, ndipo tauniyo inapulumuka. Anamwalira pa 16 Meyi 1160, Papa Celestine III anamulengeza kukhala woyera mu 1192, kenaka mu 1194 thupi lake analikweza kuphiri. Lilipobe mpaka lero, m'bokosi lagalasi pamwamba pa guwa.

Chaka chilichonse pa 15 Meyi, tsiku loti mawa lake ndi lokumbukira imfa yake, kumachitika Festa dei Ceri. Ma Ceri ndi nsanamira zitatu zamatabwa, iliyonse ya mbali zisanu ndi zitatu, yotalika mamita opitirira anayi ndi yolemera pafupifupi makilogalamu 300. Pamwamba pa iliyonse amaimikapo chifanizo cha woyera. Sant'Ubaldo ndi wa amisiri omanga ndi osema miyala, ndipo anthu ake amavala malaya achikasu. San Giorgio ndi wa amalonda, malaya abuluu. Sant'Antonio ndi wa alimi, malaya akuda. Onse amavala buluku loyera, lamba wansalu wofiira ndi mpango wofiira m'khosi. Masiku ano ntchito ya munthu sindiyo imasankha mbali. Ambiri amatsata ya bambo awo.

Chakumasana, pabwalo la Piazza Grande, Cero iliyonse amailumikiza ku chimango chamatabwa chooneka ngati chilembo H, chotchedwa barella, chimene amuna amasenza pamapewa monga machila. Amakhoma chokhomera chotchedwa cavìa, n'kuthirapo madzi a mumtsuko wadothi kuti matabwa afufume, cholumikizacho chigwire zolimba. Mtsogoleri wa gulu, capodieci, amaponya mtsukowo pakati pa anthu, iwo n'kulimbirana zigobazo ngati zamwayi, ndipo nthawi yomweyo nsanamira imadzutsidwa n'kuima chilili. Liwiro lenileni limayamba 6 koloko madzulo, ulendo wa makilomita pafupifupi anayi.

Apa ndi pamene alendo ambiri amasokonezeka, chifukwa palibe kupitirirana. Sant'Ubaldo amakhala patsogolo nthawi zonse, San Giorgio pakati, Sant'Antonio pambuyo. Chimene anthu amayang'ana ndi china: kodi Cero inayenda mowongoka kapena inapendekeka, inagunda khoma, inagwa? Kodi a kutsogolo anawasiya patali a kumbuyo? Ikagwa, otsatira amaima kudikira kuti idzutsidwe, ndipo manyazi ake amakambidwa chaka chathunthu. Ngozi yaikulu ili posinthana. Munthu sangathamange mtunda wautali ndi katundu wotere, choncho magulu otchedwa mute amadikira m'njira, aliyense n'kulowa pansi pa mtengo mnzake akutuluka, liwiro osachepa. Mmodzi akachedwa kulowetsa phewa, mbali yakeyo imatsika, ndipo nsanamira yaitali chonchi ikayamba kupendekeka kulemera kwake kumaikokera pansi. N'chifukwa chake amuna a gulu limodzi amawasankha ofanana msinkhu. Chigawo chomaliza chimayambira pachipata cha Porta Sant'Ubaldo, kukwera mamita pafupifupi 300 m'mphindi pafupifupi 10. Pamwamba, a Sant'Ubaldo amayesetsa kulowa ndi kutseka chitseko a San Giorgio asanafike.

Za chiyambi cha mwambowu anthu sagwirizana. Ena amati unachokera ku makandulo aakulu a phula amene magulu a amisiri ankapereka kwa Ubaldo pokumbukira imfa yake, ndipo m'kupita kwa nthawi phula linalowedwa m'malo ndi matabwa. Ena amati ndi wakale kuposa Chikhristu, mwambo wopempha zokolola kwa milungu monga Ceres, umene mpingo unangoupatsa dzina latsopano. Maganizo oyambawo ali ndi zolembedwa zakale za tauni kumbuyo kwawo. Achiwiriwo amakoma kumva, koma palibe chikalata cholumikiza nsembe za makedzana ndi liwiro la lero. Ife tikuona kuti za makandulo ndizo zolimba. Chimene palibe amatsutsa n'chakuti ma Ceri atatuwa ndiwo ali pachizindikiro cha chigawo chonse cha Umbria kuyambira mu 1973.

Komabe oganiza za milungu yakale sakungolota. Mu 1444, pafupi ndi bwalo la masewero la Aroma lomwe lili kumunsi kwa tauni, anapeza mapale asanu ndi awiri amkuwa, Tavole Eugubine, olembedwa m'chinenero cha Aumbri, anthu akale a dera limeneli, m'zaka 300 zomaliza Khristu asanabadwe. Amafotokoza mwatsatanetsatane mmene ansembe ankayeretsera tauni: kuyang'ana kauluke ka mbalame, kupereka nsembe pazipata zitatu, ndi kuyambiranso zonse ngati panalakwika mawu. Tauni inawagula mu 1456, ndipo zambiri zimene akatswiri amadziwa za chinenerocho zimachokera m'mapale amenewa. Muwapeza mu Palazzo dei Consoli, nyumba ya boma yomangidwa kuyambira mu 1332, imene dzina la mmisiri Angelo da Orvieto linalembedwa pakhomo pake. Piazza Grande yomwe ili patsogolo pake si nthaka yachilengedwe ayi: ndi bwalo lokhazikidwa pa zipilala zikuluzikulu, ndipo mukatsikira kumsewu wa kumunsi mudzaona chimene chalinyamula. Belu la pansanja, Campanone, lolemera pafupifupi matani awiri, amaliliza amuna oimirira pamwamba pake, kulikankha ndi mapazi.

Phirilo mungalikwere nokha tsiku lililonse. Kuchokera ku Porta Sant'Ubaldo njira yamiyala ing'onoing'ono, imene eni ake amati stradoni, imakhotakhota pakati pa mitengo, ndipo woyenda modekha amatha mphindi 40 kapena kuposerapo. Valani nsapato zogwira pansi, chifukwa potsika timiyalato timaterera kuposa pokwera, ndipo tengani madzi, makamaka mu Julayi ndi Ogasiti. Njira ina ndi Funivia Colle Eletto pafupi ndi Porta Romana, yomwe inatsegulidwa mu 1960. Ndi tizitete tachitsulo topanda mipando, topachikidwa pachingwe, tolowa anthu awiri choimirira, ndipo ulendo wake ndi wa mphindi zisanu ndi imodzi. Tiziteteti sitiima pokweza anthu. Wantchito amakuimikani pamalo oikidwa chizindikiro, kadengu kakafika mumalowa kakuyenda, iye n'kutseka kachitseko. Manja akhale opanda katundu, ndipo amene amachita chizungulire pamalo okwera ayende wapansi basi. M'tchalitchi cha Sant'Ubaldo ndimo ma Ceri amasungidwa, mpaka Lamlungu loyamba la Meyi pamene amawatsitsa chogoneka, ana atakwerapo. Paphiri lomweli, kuyambira mu 1981, anthu odzipereka amayala nyale zooneka ngati mtengo wa Khrisimasi wotalika mamita opitirira 600, n'kuziyatsa pa 7 Disembala.

Kuli malo ena amene ambiri amawadutsa pagalimoto osadziwa. Kumpoto kwa tauni, pamsewu wopita ku Scheggia, kuli chigwa chopapatiza cha Bottaccione, ndipo m'mbali mwake mumadutsa ngalande yamadzi ya m'zaka za m'ma 1300, imene lero ndi kanjira ka wapansi. Matanthwe ofiirira a kumeneko anali matope a pansi pa nyanja, ndipo pakati pawo pali kamzere ka dongo kokhuthala pafupifupi sentimita imodzi. Pansi pake pali tizigoba tambirimbiri ta tizilombo ta m'nyanja. Pamwamba pake pafupifupi tonse tasowa, patsala tating'ono kwambiri. Walter Alvarez, katswiri wa za miyala wa ku America, anatenga dongolo, ndipo pamodzi ndi bambo ake Luis Alvarez, Frank Asaro ndi Helen Michel anapezamo chitsulo cha iridium chochuluka kuwirikiza pafupifupi 30 kuposa m'miyala yoyandikana nayo. Chitsulochi n'chosowa pamwamba pa dziko koma chimapezeka kwambiri m'miyala yochokera mumlengalenga. Mu 1980 analengeza kuti chimwala chachikulu chinagunda dziko zaka pafupifupi 66 miliyoni zapitazo, ndipo ndicho chinafafaniza ma dinosaur, zinyama zikuluzikulu zamakedzana. Lero pamalo a kamzereko mupeza mphako, chifukwa ofufuza ndi alendo akhala akukumba. Musawonjezepo dzanja lanu, ndipo chenjerani ndi magalimoto: thanthwelo lili m'mphepete mwenimweni mwa msewu wokhotakhota.

Okonda mapiri aatali apitirire kum'mawa ku Monte Cucco, la mamita 1,566, komwe kuli phanga lotalika makilomita opitirira 30. Mumalowa ndi wotsogolera, ndipo mkati mumazizira ngakhale m'chilimwe, choncho juzi ndi yofunika. Gubbio ilibe siteshoni ya sitima. Yapafupi ndi Fossato di Vico, makilomita pafupifupi 20, ndipo mabasi Lamlungu amachepa. Wofuna kudzaona ma Ceri asungitse malo ogona miyezi ingapo Meyi asanafike, ndipo patsikulo, akamva mkokomo ukuyandikira m'kamsewu kopapatiza, alowe pakhomo la nyumba kapena atsamire khoma, chifukwa osenzawo saima.