Momwe CAR-T inabwerera pa chithandizo cha myeloma

Mu 1983 Tim McElwain ndi Ray Powles a pachipatala cha Royal Marsden ku London anaonetsa kuti melphalan, mankhwala opha maselo a khansa, akakhala wochuluka amagwetsa myeloma, khansa ya maselo a plasma a m'mafuta a m'mafupa, omwe amapanga zoteteza thupi ku matenda. Vuto linali loti amapserezanso mafutawo. Madokotala anayamba kutapa ma stem cell a wodwala, maselo omwe amabala maselo onse a magazi, n'kuwasunga mozizira, kum'patsa melphalan wa 200 mg pa sikweya mita iliyonse ya thupi, kenako kum'bwezera maselo akewo. Apa ambiri amasokoneza: maselowo sapha khansa ayi, amangodzutsa magazi. Timaselo ta khansa topulumuka melphalan timabisala, n'kudzaphukanso patapita zaka.

Kuika maselo a munthu wina kunathandiza odwala ena, popeza chitetezo chachilendocho chimasaka khansa. Koma chimaukiranso khungu, chiwindi ndi matumbo, ndipo ambiri anafa nazo. Phunziro linatsala: maselo a T, asilikali a chitetezo cha m'thupi, angathe ntchitoyi atalozeredwa pamalo oyenera.

Malowo ndi BCMA, puloteni yomwe imakhala pamwamba pa maselo a plasma. James Kochenderfer ndi anzake ku National Cancer Institute ku America anafalitsa mu 2016 zotsatira zoyamba za CAR-T, chithandizo chosintha maselo a T a wodwala kuti azisaka khansa, cholozeredwa pa BCMA. FDA, bungwe lovomereza mankhwala ku America, inavomereza mitundu iwiri ya chithandizochi: Abecma mu 2021 ndi Carvykti mu 2022.

Makina amasefa maselo a T m'magazi a wodwala, amatumizidwa ku labotale kukaikidwa jini yozindikira BCMA, ndipo amabwerako patatha pafupifupi mwezi. Mwezi umenewo ndi woopsa, chifukwa khansa sidikira, nthawi zambiri wodwala amafunika mankhwala oigwiriziza. Asanalandire maselowo amapatsidwa fludarabine ndi cyclophosphamide, mankhwala ochepetsa maselo a chitetezo, masiku atatu kuti alendowo apeze malo ochulukana.

Maselowo akayamba kupha khansa, thupi limatentha kwambiri ndipo magazi amathamanga motsika. Mankhwala a tocilizumab ndiwo amaziziritsa potseka njira ya IL-6, puloteni yomwe imakolezera kutenthako. Ena amasokonezeka mutu, n'chifukwa chake anamwino amawauza kulemba chiganizo tsiku lililonse: zilembo zikayamba kupotoka, ubongo wakhudzidwa. Maselo abwino a plasma amapheredwa limodzi, choncho matenda olowa amavuta kwa miyezi.

Mu 2024 FDA inalola Carvykti kwa amene khansa yawabwerera koyamba mankhwala a lenalidomide atalephera. Mkangano watsala pa odwala atsopano: ayambe ndi melphalan ndi ma stem cell, kapena apite ku CAR-T mwachindunji.