Mwana, foni ndi kuyankhula: mafunso ndi mayankho pa malangizo a WHO

Makolo ambiri akamva zoti mwana wosakwana zaka ziwiri asamaonere foni kapena TV amangoti aaa izi nzosatheka, nanga ntchito zapakhomo tizigwira bwanji mwana akulira. Ndikumvetsa ndithu. Koma nkhaniyi imandikhudza chifukwa ikukhudza mmene mwana amaphunzirira kuyankhula, nde ndasonkhanitsa mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri kuti tiwaone limodzi.

Kodi lamulolo likuti chani kwenikweni?

Mu April 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo okhudza ana osakwana zaka zisanu, za kusewera, kugona komanso kukhala pamodzimodzi nthawi yaitali. Pa nkhani ya foni, TV ndi tabuleti anati mwana wosakwana chaka asaonere n'komwe, wachaka chimodzi chimodzimodzi, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, kuchepetsa ndiye bwino. Pali kachiganizo kena komwe anthu amakadumpha, koti nthawi imene mwana wakhala pansi, womulera amuwerengere buku kapena amuuze nthano. Kwa ine apa ndi pomwe pagona nkhani.

Si lamulo loti wina akakumangani nalo ayi, ndi malangizo. Komanso WHO kwambiri imaganizira za thupi, kuti ana azithamanga ndi kugona mokwanira. Bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, nalonso mu 2016 linati ana osakwana miyezi 18 asamaonere, kupatula kuyankhulana ndi achibale pavidiyo.

Koma mwana wa miyezi 6 sayankhula, nde chikuonongeka ndi chani?

Apa ndi pomwe ambiri timaphonya. Timawerenga kuyambira tsiku limene mwana wanena "mama", pomwe ntchito yaikulu imakhala itachitika kale mwakachetechete. Mwana amayamba kumva adakali m'mimba, miyezi yomaliza ija. Mu 1980 Anthony DeCasper ndi William Fifer anaonetsa kuti ana osakwana masiku atatu amasintha kayamwidwe kawo pofuna kumva mawu a mayi awo osati a mayi wina.

Ndiye pali chinthu china chodabwitsa. Khanda limabadwa likutha kusiyanitsa timaphokoso ta zilankhulo zosiyanasiyana, olo tomwe ife akuluakulu timatimva ngati n'tofanana. Janet Werker ndi Richard Tees mu 1984 anapeza kuti ana a m'mabanja oyankhula Chingerezi a miyezi 6 mpaka 8 amasiyanitsa bwinobwino timaphokoso ta Chihindi cha ku India, koma pofika miyezi 10 mpaka 12 ambiri amakhala atasiya. Sikuti nzeru zachepa, ubongo wasankha kuti chilankhulo changa ndi ichi, zinazo zindipatse mpata. Chaka choyamba chimenechi ndi chomwe mwana amagwiranso poyambira ndi pothera mawu, poti tikamayankhula sitipuma pakati pa liwu ndi liwu, timangolumikiza. Jenny Saffran ndi anzake mu 1996 anachititsa ana a miyezi 8 kumvetsera mawu opeka olumikizana kwa mphindi ziwiri zokha, ndipo anawo anagwira kuti ndi zigawo ziti zimayendera limodzi.

Nde kubwebweta kuja kwa babababa, mamamama, komwe kumayamba pakati pa miyezi 6 ndi 10, si phokoso chabe. Akuyeserera pakamwa, ndipo akudikira kuti wina amuyankhe.

Nanga makatuni aja sayankhula? Mwana sangatolepo mawu?

Funso labwino, ndipo analiyesa. Patricia Kuhl wa ku University of Washington mu 2003 anatenga ana a miyezi 9 omwe kwawo amangomva Chingerezi, nkuwakumanitsa ndi anthu oyankhula Chimandarini cha ku China maulendo 12, ulendo uliwonse mphindi 25, akusewera nawo ndi kuwawerengera mabuku. Ana ena anaonera anthu omwewo akuyankhula zomwezo koma pa TV, enanso anangomvera mawu okha. Powayesa, omwe anacheza ndi munthu maso ndi maso ankasiyanitsa timaphokoso ta Chimandarini mofanana ndi ana a ku Taiwan omwe amakula akumva chilankhulochi. Oonera pa TV aja sanaphunzire kanthu, anali chimodzimodzi ndi omwe sanamveko n'komwe. Ganizirani, anthu omwewo, mawu omwewo, nthawi yofanana.

Mavidiyo omwe amati ndi ophunzitsa makanda nawonso anawayesa. Judy DeLoache ndi anzake mu 2010 anapatsa ana a miyezi 12 mpaka 18 vidiyo yotchuka yophunzitsa mawu kuti aonere kwa mwezi wathunthu. Sanadziwe mawu ambiri kuposa omwe sanaonere. Amene anaphunzira kwambiri ndi omwe makolo awo anawaphunzitsa mawu omwewo pocheza tsiku ndi tsiku popanda vidiyo.

Mwana akamakula, kuyambira zaka ziwiri ndi theka, zitatu kupita mtsogolo, amayamba kutolako mawu pa pulogalamu yabwino, makamaka ngati wamkulu akuonera naye nkumamufunsa kuti waona chani, galu uja wapita kuti. Malangizo aja nawonso amalola ola limodzi kwa okulirapo.

Kodi munthu ali ndi chani chimene TV ilibe?

Amayankha. Basi, nkhani yonse ndi imeneyi. Mwana akayang'ana kapu inu mumaona komwe maso ake apita nkunena kuti "kapu, ukufuna madzi?", iye akati "dzi" inu mumasekerera nkuti "eee madzi, nawa madzi", ndiye liwulo lafika pa nthawi yeniyeni imene maganizo ake ali pa chinthucho. TV imangoyankhula zake, siidziwa kuti mwana akuyang'ana kuti, siidikira, siibwereza poona kuti sanamve. Kuli ngati kuponyerana mpira, wina aponye wina awakhe abweze, ndipo TV imangoponya osawakha.

Cha m'ma miyezi 9 mpaka 12 mwana amayamba kuloza ndi chala nkutembenuka kukuyang'anani. Ameneyo akufunsa funso ngakhale alibe mawu. Mukamuyankha ndiye kuti mwamuphunzitsa, mukakhala chete mwayi wadutsa, ngakhale ubwera wina poti ana satopa kuloza.

Kale anthu ankangolimbikira za kuchuluka kwa mawu omwe mwana wamva. Koma kafukufuku wa Rachel Romeo ndi anzake mu 2018, pa ana 36 a zaka 4 mpaka 6, anaonetsa kuti chomwe chinkagwirizana kwambiri ndi kagwiridwe ntchito ka mbali ya ubongo yoyendetsa chilankhulo ndi kuchuluka kwa kusinthana mawu pakati pa mwana ndi wamkulu, osati kungomuthira mawu ambirimbiri. Choncho si kuyankhula ngati wailesi ayi, ndi kuyankhula nkupuma kuti nayenso anenepo.

Nanga kuimbirana pavidiyo ndi agogo kapena bambo ake omwe ali kutali?

Izi nzina. Sarah Roseberry ndi anzake mu 2014 anaphunzitsa ana a miyezi 24 mpaka 30 mawu atsopano, ena maso ndi maso, ena pa Skype, ena pavidiyo yojambulidwa kale. A pa Skype anaphunzira ngati a maso ndi maso, a vidiyo yojambulidwa ayi. Ndiye vuto si galasi la foniyo, vuto ndi loti kuseri kwa galasiko kulibe munthu woyankha. Aimbireni agogowo, ayankhulane.

TV imangoyaka koma mwana saonera, amasewera zake. Palinso vuto?

Lilipo ndithu, ngakhale silioneka. TV ikamalira m'nyumba akuluakulu amayankhula zochepa ndi mwana, ndipo mwana amavutika kutola mawu anu pakati pa phokoso, makutu ake sanazolowere kusefa ngati athu. Ngati palibe akuonera, ingozimitsani.

Komanso tinene zoona, foni yomwe imadya nthawi ya mwana kwambiri nthawi zina si yomwe ili m'manja mwake, ndi yomwe ili m'manja mwathu. Jessa Reed ndi anzake mu 2017 anapempha amayi kuti aphunzitse ana awo a zaka ziwiri mawu awiri atsopano, ndipo pophunzitsa limodzi mwa mawuwo foni inkalira mayi nkuyankha. Anawo anagwira liwu lomwe analiphunzira popanda chosokoneza, lina lija ayi. Sindikunena kuti musamagwire foni, tonse tili ndi zochita, koma pa nthawi yodyetsa, yosambitsa, yogoneka, ikani pambali.

Ndilibe nthawi yokhala pansi ndi mwana, mabuku ndilibenso. Nditani?

Simufunika kupatula nthawi yapadera. Yankhulani zomwe mukuchita pompopo, "tivale malaya, dzanja lili kuti, ili, linalo lili kuti", mukamusambitsa tchulani mutu, mimba, mwendo, mukamayenda naye muuzeni zomwe mukuona. Muimbireni. Nthano sizifuna buku, ndipo buku la zithunzi silifuna kuti mudziwe kuwerenga, mumangoloza nkumacheza.

Kayankhulidwe konyengerera kamene timachita ndi makanda, kokweza mawu pang'ono ndi kukoka, musachite nako manyazi, ana amatchera khutu kwambiri mukatero. Bola muzigwiritsa mawu enieni. Akalakwitsa musamukalipire kapena kumuuza kuti bwereza, ingonenani molondola nkuwonjezerapo pang'ono, akati "galu pita" inu muti "eee galu wapita panja". Abambo izi nzanunso, si za amayi okha. Azikulu ake, azakhali, agogo, aliyense amene amamuyankha mwana ndi mphunzitsi wake.

Ndimamuonetsa makatuni kuti aphunzire chilankhulo china msanga. Ndikulakwitsa?

Cholinga n'chabwino koma njirayo siigwira kwa wamng'ono, kumbukirani ana a Kuhl aja. Mwana atha kuloweza kanyimbo, kuwerenga manambala, kutchula mitundu, nkumaoneka ngati akudziwa, koma osatha kupempha madzi kapena kufotokoza chomwe chikumupweteka. Kuloweza ndi kucheza nzosiyana.

Chimene chimandiwawa ndi kuona kholo likusiya kuyankhula ndi mwana chilankhulo chomwe limachidziwa bwino poopa kuti chimusokoneza. Zilankhulo ziwiri sizichedwetsa mwana kuyankhula. Ana ochuluka zedi padziko amakula ndi ziwiri kapena zitatu, amasakaniza poyamba ndipo zimenezo si vuto, mukaphatikiza mawu omwe akudziwa m'zilankhulo zonse mupeza kuti ali bwinobwino. Muyankhuleni chomwe mumatha kuseka nacho, kunyengerera nacho, kufotokoza nacho mwakuya. Chinacho achiphunzira kwa anthu ochiyankhula.

Wanga waonera kale kwambiri. Ndiye kuti ndamuwononga?

Ayi, musadziimbe mlandu. Ana ambiri omwe amaonera amayankhula bwinobwino, ndipo kuchedwa kuyankhula kuli ndi zifukwa zambiri, zina za makutu, zina zobadwa nazo, zina zoyendera m'banja. Chomwe foni imachita ndi kutenga maola omwe akanakhala ocheza, nde maolawo mutha kuyamba kuwabweza lero. Chepetsani pang'onopang'ono, yambani ndi nthawi yachakudya ndi yokagona. Alira masiku oyamba, zimenezo yembekezerani. Ndipo tsiku lina mukadwala kapena zikakuthinani nkumupatsa foni kwa kanthawi, sikuti zonse zagwa.

Ndi liti pomwe ndiyenera kupita naye kuchipatala?

Ana amasiyana, wina amafulumira wina amachedwerako, koma pali poyezera. Mawu oyamba amabwera cha pa chaka chimodzi. Pofika zaka ziwiri ambiri amakhala ndi mawu 50 kapena kuposa ndipo amalumikiza awiri, monga "mama bwera". Pofika zitatu amapanga ziganizo zazifupi ndipo mlendo amatha kumva zambiri zomwe akunena.

Pitani mukaonane ndi adokotala kapena anamwino ngati pofika chaka sabwebweta, saloza, satembenuka mukamuitana dzina, ngati pofika miyezi 18 alibe liwu olo limodzi, ngati pofika zaka ziwiri salumikiza mawu awiri, komanso pa msinkhu uliwonse ngati wasiya kunena mawu omwe ankanena kale. Chomalizachi musadikire nacho n'komwe. Anthu adzakuuzani kuti anyamata amachedwa, kapena kuti amalume ake nawonso anachedwa, mwina nzoona, koma kukayezetsa sikuononga kanthu.

Choyamba pemphani amuyeze makutu. Mwana atha kumva chitseko chikamenyeka koma osamva bwino mawu, makamaka ngati amadwala makutu pafupipafupi kapena amatuluka mafinya. M'maiko ambiri momwe amayeza makanda onse amatsata ndondomeko yoti ayezedwe asanathe mwezi umodzi, vuto litsimikizidwe pofika miyezi itatu, thandizo liyambe pofika miyezi 6, chifukwa chaka choyamba chija sichibwerera. Mukapeza kuti samva, yambani naye chilankhulo chamanja msangamsanga pamodzi ndi thandizo lina lomwe achipatala angapereke. Ndi chilankhulo chathunthu, moti Laura Ann Petitto ndi Paula Marentette mu 1991 anaonetsa kuti makanda osamva omwe makolo awo amayankhula ndi manja amabwebweta ndi manja, pa msinkhu womwewo umene anzawo amabwebweta pakamwa.